Mukuwerenga chiyani mwezi uno?

Anaphiri: Moni nonse. Gulu lazizira ngati Dedza mu Juni. Paja tinapangana kuti mwezi ukamatha aliyense azinena buku limene lili m'manja mwake. Osati la pashelefu lodikira alendo, koma limene mukulitsegula ndithu. Ndiyambe ndine kuti ena musachite manyazi: ndikuwerenga Fearless Fighter, mbiri ya moyo wa Mayi Vera Chirwa. Zambiri ndinena madzulo ndikaweruka, pano odwala ali pamzere. Ena?

Thoko: Ine Nthondo. Musaseke chonde.

Chikondi wa ku Joni: Kkkkk wachedwa mlongo, ndaseka kale. Ukubwereza Fomu 4?

Thoko: Iwe Chikondi usandiyambe. Ndimasaka setifiketi m'katoni ya zinthu za ku sekondale, ndiye ndinalipeza pansi penipeni, chikuto chitadyedwa ndi mphemvu. Ndinangoti ndione zimene ndinkalemba m'mbali mwa masamba. Pozindikira ndiwo zapserera pambaula. Nthawi ya sukulu ndinkaliwerenga ndi bolopeni m'manja, kusaka ampangankhani, mfundo zazikulu, zifanifani, chilichonse choti chikabwera pamayeso ndisagwe. Sindinadziwe kuti bukuli ndi lokoma chonchi. Nthondo ndi kathyali weniweni, wakuba wosamva mkwapulo, ndipo ukamawerenga umangopezeka uli mbali yake. Koma dzulo ndamaliza, ndipo ndinagona nditakwiya.

Mai a Tadala: Wakwiyiranji mwanawe?

Thoko: Mathero aja amayi. Munthu tayenda naye kuyambira ali khanda, tamuona akuba, akupita kukasaka ntchito kutali, akubwerako, akulowa ufumu. Kenaka basi watembenuka mtima, ndi Mkhristu. Zinandikhala ngati wolemba wandilanda Nthondo m'manja n'kukamupereka kwa abusa. Munthu wa m'masamba omaliza aja si amene ndinkamudziwa ine.

Chikondi wa ku Joni: Makina osindikizira anali a mishoni, akanatani mkuluyo? Akanamusiya Nthondo akumwa kachasu mpaka tsamba lomaliza, bukulo likanathera m'kabati ya mzungu.

Aphunzitsi a ku Nkhoma: Ana inu mwandiitana osanditchula dzina. Mundidikire, chala changa chimagunda zilembo ziwiri nthawi imodzi.

Anaphiri: Takudikirani bambo.

Aphunzitsi a ku Nkhoma: Samuel Josia Nthara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma konkuno. Nkhaniyi anailemba n'kuitumiza ku mpikisano wa bungwe la ku London lotchedwa International Institute of African Languages and Cultures, ndipo inapata mphotho. Buku linasindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira linatuluka m'Chingerezi ndi dzina loti Man of Africa, womasulira anali Thomas Cullen Young, mmishoni wa ku Livingstonia. Choncho zoti bukuli linabadwira m'manja mwa mishoni sindikutsutsa, Chikondi wanena zoona.

Koma taganizani za nyengo imeneyo. Buku Lopatulika lathunthu linali litangotuluka mu 1922. Munthu wa kuno wodziwa kuwerenga, zimene akanapeza m'chinenero chake zinali Baibulo, buku la nyimbo, katekisimu ndi timabuku ta sukulu. Ndiye mnyamata wa zaka zosakwana 30 akhala pansi n'kulemba za mwana wa m'mudzi wosamva, ndipo masamba ambiri sanawathere m'tchalitchi ayi. Anawathera pamudzi: mmene mwana amabadwira, mmene maliro amayendera, mmene mlandu umazengedwera pabwalo, mmene anthu amayankhulirana. Ine ndimati ukafuna kudziwa pamene pali mtima wa wolemba, ona pamene wathera inki yambiri. Mwana wanga Thoko, tabwerera uwerenge masamba a Nthondo wakuba ndi a Nthondo wopemphera, undiuze ochuluka ndi ati.

Thoko: Ndiye agogo mukuvomereza kuti mathero aja anali msonkho wolipira pachipata kuti buku lidutse?

Aphunzitsi a ku Nkhoma: Sindinatero. Nthara anali munthu wa mpingo, ankakhulupirira zimene ankalemba. Inu a masiku ano mukaona munthu wakale akupemphera mumafulumira kunena kuti anamukakamiza.

Mai a Tadala: Apa ndiima ndi aphunzitsi. Agogo anga aamuna anali Nthondo wachiwiri. Mowa, ndewu, akazi, mudzi wonse unkawadziwa. Anapita ku migodi pa Wenela kawiri, ulendo wachiwiri anabwerako ndi njinga ndi chifuwa. Analowa kalasi ali ndi imvi, anabatizidwa pamodzi ndi ana a msinkhu wa zidzukulu zawo, ndipo anamwalira ali mkulu wa mpingo. Panalibe mzungu wowagwira pakhosi. Anthu otere analipo ambiri, Thoko. Iwe waona ngati bodza chifukwa sunawaone.

Thoko: Sindikukana kuti anthu amasintha amayi. Vuto langa ndi liwiro lake. Agogo anu ndikhulupirira panapita zaka, ankagwa, kudzuka, mwina Loweruka ankazemba kukalawako. Zimenezo ndiye ndimafuna kuziona. Pa umbava wolemba watipatsa zonse mpaka fungo, pa kutembenuka watipatsa chidule. Ndiye ndimati mwina iyeyo ankamudziwa bwino Nthondo woipa kuposa Nthondo wabwino.

Mai a Tadala: Kkkk zozemba Loweruka usanene, agogo aakazi ankawanunkhiza pakamwa akamabwera ku "msonkhano wa akulu".

Aphunzitsi a ku Nkhoma: Mfundo ya liwiroyo ndailandira. Ukanandilembera choncho pamayeso ndikanakupatsa malikisi onse, ngakhale sizili mu manotsi. Koma ndiwonjezere ichi: munthu wabwino ndi wovuta kumulemba. Werengani Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe. Wolimbikira ntchito ndi Sikusinja, koma amene amakutsalira m'mutu ndi Gwenembe, waulesi wakupha mbale wake uja, ndi kambalame kosatopa kuulula. Si vuto la Nthara yekha.

Nyasulu: Monire mose. Ndangolowa, ndapeza mauthenga 40. Aphunzitsi mwatchula Cullen Young, ndiye ndiponyepo kanthu. Ndi yemweyo amene mbiri imati anatulutsa mnyamata Hastings Banda m'chipinda cha mayeso mu 1915 pomuganizira kuti akuonera. Mnyamatayo ndiye anauyamba wapansi kulowera kumwera. Patapita zaka 30 anthu awiriwa anakonzera limodzi buku la Our African Way of Life, la 1946. Dziko ndi laling'ono.

Chikondi wa ku Joni: Ndiye kuti akanangomusiya amalize mayeso, mwina akanapuma ali hedimasitala ku Kasungu kkkk

Anaphiri: Chikondi, lamulo lachitatu la gulu.

Chikondi wa ku Joni: Pepani achemwali, si ndale, ndi mbiri.

Nyasulu: Ine ndikuwerenga I Will Try la Legson Kayira, kachitatu tsopano. Kwa amene simukulidziwa: mnyamata wa kumpoto kuno, atamaliza ku Livingstonia, ananyamuka mu 1958 wapansi, wopanda nsapato, akuti akupita ku America kukaphunzira. M'kathumba munali Baibulo ndi The Pilgrim's Progress. Anadutsa Tanganyika akugwira maganyu, anafika Uganda, ndipo mu laibulale ya ku Kampala anapeza buku la mayina a makoleji a ku America. Analembera Skagit Valley College ya ku Washington, anamulandira. Anapitirira mpaka Khartoum, ndipo kumapeto kwa 1960 anali atafika. Pambuyo pake anaphunziranso ku Cambridge. Buku linatuluka mu 1965, iye anamwalira ku London mu 2012.

Ndili mnyamata ndinkaliwerenga ngati mankhwala opatsa mphamvu. Pano ndili ndi ana, ndipo chimene chikundigwira ndi mayi ake. Mayi wosadziwa kuti America ili kuti, akumulola mwana apite poganiza kuti ndi ulendo wa masiku ochepa. Ndimasiya kuwerenga n'kumaganiza za mayiyo, miyezi ikudutsa, akuyang'ana kunjira.

Chikondi wa ku Joni: Achimwene musatero, ena tili kuno chaka chachisanu, tinatsanzika kuti tikubwera Khirisimasi.

Thoko: Ndiye iwe ndiwe Nthondo wathu, tikudikira ubwere udzalowe ufumu.

Chikondi wa ku Joni: Ufumu wake uti, wa ngongole? Koma zoona, gawo la Nthondo lopita kukagwira ntchito kunja ndimalikumbuka kuposa ena onse. Zaka 90 zapita, njira ndi yomweyo, kungoti iwo ankayenda wapansi, ife timakwera basi kudzera Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge.

Nyasulu: Ndili ndi kadandaulo kamodzi, mundikhululukire anzanga a pakati. Mukamanyadira Nthondo ndi Sikusinja, ife timangoyang'ana. Mu 1968 Chichewa chitasankhidwa kukhala chinenero cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pawailesi ndi m'sukulu, chinabwerera pawailesi cha mu 1994. Zaka zonsezo ndani akanalemba buku la nthano m'Chitumbuka, kuti aligule ndani? Lero mwana wanga amawerenga Chichewa ndi Chingerezi bwinobwino, koma ndikamupatsa buku la sumu amachita chibwibwi.

Aphunzitsi a ku Nkhoma: Dandaulo lanu ndi loona a Nyasulu, sindilipeputsa. Ndinaphunzitsapo ku Rumphi zaka ziwiri, ndinaona ana a Sitandade 1 akulimbana ndi zinenero ziwiri zachilendo nthawi imodzi. Chokhacho ndinganene n'chakuti ifenso tisadzitame kwambiri. Chichewa chinapatsidwa bungwe lakelake mu 1972, malamulo a kalembedwe anatuluka, wailesi inali yathu. Nanga mabuku a nkhani atsopano ali kuti? M'zaka za m'ma 1980 tinkagula a Willie Zingani ndi a Jolly Max Ntaba, Njala Bwana, Ikakuona Litsiro Sikata, timabuku tokwana m'thumba la jekete, tinkabwerekana mpaka chikuto kuthothoka. Lero lowani m'sitolo ya mabuku mufunse buku la nkhani la Chichewa losakhala la silabasi, muone mmene akuyang'anireni wogulitsa.

Mwale wa ku Chipata: Muli bwanji acimwene ndi acemwali a ku Malawi. Ine nimawerenga cabe zokamba zanu, lelo nati nilankhuleko. Kuno vuto ni imodzimodzi. Ise tinakulira pa wailesi, nthano za Julius Chongo pa Poceza M'madzulo. Munthu uja anali kusintha mau, mwamuna, mkazi, nkhalamba, yekhayekha. Amene anali kumumvera ni ambiri kupambana amene anagwirapo buku la Cinyanja. Pano nili kuwerenga Smouldering Charcoal la Paul Tiyambe Zeleza, mwana wa mlongo wanga anabwera nalo kucokera ku Mchinji. Mchere na Chola. Nili pakati, musaniuze mathero.

Thoko: A Mwale, mungokonzekeratu mtima.

Mwale wa ku Chipata: Nati musaniuze!

Thoko: Sindinanene kanthu kkkk. Koma ndifunse, mwaima ndi ndani, Mchere kapena Chola?

Mwale wa ku Chipata: Mchere. Chola ni wophunzira, mtolankhani, akamba bwino za kuvutika kwa anthu. Koma Mchere ndiye avutika. Nyumba yothonya, mwana adwala, nchito ya ku bekare ili pa sitalaka. Cinanikhumudwitsa ni mmene acitira na mkazi wake Nambe. Wolemba sanamubise, munthu woponderezedwa kunchito afika panyumba naye apondereza. Nimamumvera cifundo, tsamba lotsatira nifuna kumumenya.

Mai a Tadala: Nambe ndiye mwini buku lija, amuna inu simuona.

Chikondi wa ku Joni: Ine ndinene langa. Ndimagwira ntchito ya ulonda usiku, ndiye nthawi ndili nayo yambiri kuposa nonsenu. Ndinagula The Boy Who Harnessed the Wind kwa munthu woyala mabuku a kaunjika pansi m'tauni. William Kamkwamba analemba ndi Bryan Mealer, 2009. Filimu yake ya pa Netflix ndinaionera kale, ndimati ndikudziwa nkhani yonse: mwana wa ku Wimbe ku Kasungu wasiya sukulu chifukwa cha fizi, wapeza buku la Using Energy mu kalaibulale ka pa pulayimale, watola zitsulo kudzala, fani ya thirakitala, felemu ya njinga ya bambo ake, dayinamo, mitengo ya bulugama, magetsi ayaka, anthu amene ankamuti wamisala abwera kudzatchajitsa mafoni. Zonsezo zilimo.

Koma abale, theka la bukuli si la makina a mphepo. Ndi la njala ya 2001 mpaka 2002. Ine nthawi imeneyo ndinali ndi zaka 8, kwathu ku Dowa. Ndinkaganiza kuti ndinaiwala. Ndikuwerenga za gaga, za kudya kamodzi patsiku, za mizere yogula chimanga, pakamwa panga panabwera kukoma kwa gaga wowawa uja. Pamene anakamusiya galu wake Khamba kuthengo atamumangirira pamtengo, ndinatseka buku, ndinazungulira mpanda wonse kawiri ngati ndamva wakuba. Ifenso tinali ndi galu. Sindinafunsepo kuti anapita kuti.

Anaphiri: Pepa mchimwene.

Mai a Tadala: Chikondi wandidabwitsa, inenso ndili pa buku lomwelo. Koma ine ndikuwerengera mayi anga. Anabwera kuno ku Zomba kudzaonetsa maso kuchipatala, madzulo amasowa chochita, wailesi yakanema imawapweteka m'maso. Ndiye ndimawerenga ndime m'Chingerezi chamumtima, kenaka ndimawafotokozera m'Chichewa. Ntchito ndithu, tsamba limodzi limatitengera mphindi 10, chifukwa amayi salola kungomva. Amandiimitsa. Ndikati anthu ankadya gaga, iwo amati "auze kuti gagayo tinkachita kugula, ndipo ena ankasakaniza ndi utuchi." Ndikuti ndiuze ndani amayi, bukuli linalembedwa kale. Akuti "ndiye lemba m'mbalimo." Moti buku langa ladzaza ndi zolemba za pensulo: mitengo imene ankakumba mizu yake, dzina la dambo kumene ankakazula zikhawo za nthochi, mabanja a m'mudzi mwathu amene anagulitsa malata a nyumba.

Za makina a mphepo alibe nazo chidwi kwenikweni. Nditawafotokozera za dayinamo anangoti "mwana wanzeru," basi. Koma za mayi ake a William, mmene ankagawira kansima kamodzi pakati pa ana, anandiuza ndibwereze katatu.

Aphunzitsi a ku Nkhoma: Mayi, pensuloyo musafufute. Limenelo lasanduka buku lina.

Thoko: Apa ndiye pamandipweteka. Nkhani ya ku Wimbe, anthu ake amayankhula Chichewa, njala inali yathu, koma kuti agogo aimve mpaka mwana wawo akhale womasulira. Anthu a ku America anaidziwa nkhaniyi bwino kuposa a ku Chamama.

Nyasulu: Komabe William akanalemba m'Chichewa sakanafika ku koleji ya Dartmouth ku America. Tinene zoona.

Thoko: Sindikuti asalembe m'Chingerezi. Ndikuti zonse ziwiri. A Benedicto Wokomaatani Malunga anamasulira Things Fall Apart kukhala Chipasupasu. Ngati zinatheka ndi nkhani ya ku Nigeria, zingakanike ndi nkhani zathu zomwe? Nthara analemba m'chinenero chathu, azungu n'kumasulira kuti amve nawo. Pano zatembenuka, ife ndiye tikudikira kumasuliridwa.

Chikondi wa ku Joni: Taonani amene amanyoza Nthara m'mawa uja.

Thoko: Sindinamunyoze, ndinakwiya naye. N'zosiyana.

Dalitso: Bho nonse. Amene ali ndi PDF ya Nthondo ndi ya Kamkwamba aponye pano plz

Anaphiri: A Dalitso, mwalowa liti? Miyezi itatu osayankhula, mawu oyamba ndi PDF. Lamulo loyamba la gulu lino: sitiponya mabuku a eni. Tangomaliza kudandaula kuti olemba athu sakulemba, ndiye tiziwaberanso kochepa komweko?

Dalitso: Koma achemwali Nthara anamwalira kalekale, ndalamayo ikupita kwa ndani? Komanso ine ndili ku Nsanje, sitolo ya mabuku ili kuti kuno? Kupita ku Blantyre thiransipoti yokha ndi mabuku atatu.

Mai a Tadala: Mwanayu ali ndi mfundo pa za mtunda.

Anaphiri: Ali nayo, koma lamulo silisintha. Tichite chonchi: Thoko wamaliza lake, alitumize kwa Dalitso. Ndili ndi mnzanga wa kuntchito amapita ku Nsanje mwezi ndi mwezi. Dalitso akamaliza alibweze, ndipo adzalembe pano maganizo ake, osachepera mizere 10.

Thoko: Chikuto chilibe, ndipo m'mbali muli dzina la mnyamata wina wa Fomu 4B lolembedwa kambirimbiri. Musafunse.

Dalitso: Kkkkk ndalandira ndi manja awiri.

Aphunzitsi a ku Nkhoma: Adzabwezedi? Langa la Kukula ndi Mwambo linabwerekedwa mu 1996 ndi mphunzitsi mnzanga, akuti Lolemba. Munthuyo ndinakamuika m'manda chaka chatha, buku osaoneka.

Anaphiri: Ndaweruka tsopano, ndinene za langa. A Mwale, nkhaniyi ikukhudza kwanu. Mayi Vera Chirwa, loya woyamba wachizimayi m'Malawi, anagwidwa pamodzi ndi amuna awo a Orton Chirwa tsiku loti mawa ndi Khirisimasi mu 1981, cha kumalire a Chipata komweko. Mu 1983 khoti la makolo linawagamula kuti aphedwe, chilango chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. A Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, mayiwa anatuluka mu Januwale 1993.

Zimenezi ndinkazidziwa kale, tinkazimva. Chimene sindinkachidziwa ndi kutalika kwa tsiku limodzi m'chitolokosi. Mwamuna wako ali m'ndende yomweyo, khoma lokha pakati, zaka zikudutsa osaonana. Anaonana patatsala masabata ochepa kuti bamboyo amwalire. Ndinawerenga gawo limenelo pa nthawi yopuma, ndinalephera kudya.

Koma ndinene chimene sichikundikhutiritsa, poti gulu lino si la kuyamika kokha. Kalembedwe kake ndi ka loya. Mfundo, tsiku, mfundo, tsiku. Pamene ndikufuna andiuze zimene zinali mumtima, amadutsa msanga n'kupita pa nkhani ina. Mwina munthu amene wakhala zaka 11 akudziletsa kulira sangayambe kulira chifukwa choti wagwira cholembera.

Mwale wa ku Chipata: Akulu kuno akali kuikamba nkhani ija, aliyense na njira yake ya mmene zinacitikira. Nizalifuna bukulo.

Nyasulu: Anaphiri, mukamaliza mudzawerenge And Crocodiles Are Hungry at Night la Jack Mapanje, la 2011. Ndende ndi ya nthawi yomweyo koma cholembera ndi cha mlakatuli. Anamugwira ku Zomba mu Seputembala 1987 ali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anakhala ku Mikuyu zaka 3, miyezi 7 ndi masiku 16 popanda mlandu, anatuluka mu Meyi 1991. Iyeyo ndiye amakuuza zonse, fungo la chidebe, nsikidzi, nthabwala za akaidi, timakalata tozembetsa. Mwina mpaka kuchulutsa. Ndi lalitali, pena ndinkadumpha masamba.

Anaphiri: Ndiye wina amachepetsa, wina amachulutsa.

Aphunzitsi a ku Nkhoma: Ine mabuku a ndende ndimawerenga masana okha. Zaka zimenezo ndinali m'kalasi ndi choko m'manja, khadi la chipani m'thumba. Of Chameleons and Gods, buku la ndakatulo la Mapanje, ndinaliona koyamba litakutidwa ndi pepala la khaki, pamwamba atalemba kuti Geography. Amene anandibwereka sanandiyang'ane kumaso, inenso sindinamuthokoze. Ndinaliwerengera kuchimbudzi. Ana inu mukamapempha PDF pagulu la anthu 60 mopanda mantha, ine ndimasangalala ndi kuchita nsanje nthawi imodzi.

Dalitso: Agogo mwandichititsa manyazi.

Aphunzitsi a ku Nkhoma: Usachite manyazi, ungobweza buku la mnzako.

Thoko: Agogo simunanene chimene inu mukuwerenga.

Aphunzitsi a ku Nkhoma: Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Tsamba limodzi m'mawa uliwonse ndikamamwa tiyi.

Chikondi wa ku Joni: Kkkkkk madala, dikishonale? Mpangankhani wamkulu ndi ndani mmenemo?

Aphunzitsi a ku Nkhoma: Seka. Koma dzulo ndinafunsa adzukulu anga atatu kuti chikwatu n'chiyani, wina anati ndi nsomba. Ndikapeza mawu amene mayi anga ankanena koma ine ndinasiya, ndimawalemba pakapepala n'kuwagwiritsa ntchito tsiku limenelo, ngakhale kwa wogulitsa tomato. Ndipo ndikapeza kuti mawu a kwathu mulibe, ndimalemba m'mbali ngati mayi awo a Mai a Tadala.

Anaphiri: Chabwino. Mwezi wa mawa tiwerenge limodzi buku limodzi, tinakambirana kale zimenezi koma sizinachitike. Ndikuti Sikusinja ndi Gwenembe, ndi lalifupi, ndipo a Mwale angalipeze kudzera ku Mchinji. Otsutsa anene pofika Lachisanu.

Nyasulu: Ndavomera, koma mwezi winawo tidzatenge la kumpoto.

Anaphiri: Zamveka.

Mai a Tadala: Mwadzuka bwanji nonse. Ndibwerere pa za dzulo pang'ono. Usiku ndinawauza amayi za Chikondi, kuti kuli mnyamata wa ku Dowa ku Joni amene akuwerenga buku lomweli, ndipo anafika pa galu n'kulephera kupitiriza. Ife tinali tisanafikepo, ndiye anati ndidumphe ndiwawerengere pomwepo. Ndinawerenga. Anakhala chete nthawi yaitali, ine ndimati agona. Kenaka anati, "Umuuze mwanayo asakawafunse mayi ake za galuyo. Akafuna adzanena okha."

Ndiye ndakuuza, Chikondi.

Chikondi wa ku Joni: Ndamva amayi. Muwathokoze agogo.

Mai a Tadala: Akufunsanso kuti kwanu ku Dowa ndi mudzi wa ndani, akuti mwina amawadziwa anthu ake. Unditumizire kumbali.